Mpira wanga wamphamvu unkafika pa mapini utatopa kale

Ndinayenda nawo miyezi 8 mpira wa bowling umenewo ndisanavomere kuti ndinagula molakwika. Sindikuunena ayi, unali mpira wabwino ndithu. Khungu lake linali losawala, lokhakhala ukaligwira, ndipo mtima wake, cholemera chija chimakhala mkati mwa mpira, unali wa mtundu uja amati asymmetric, wochititsa mpira kukhota mwaukali. Ndinauona koyamba pa YouTube katswiri wina akuuponya. Unkachoka m'dzanja lake kulowera kumphepete ngati ukukagwera mu ngalande, kenako n'kutembenuka mwadzidzidzi, mapini onse 10 balala! Ndinaonera kanemayo kambirimbiri, mtima n'kumati: ndikangoupeza uwu, basi ndafika.

Chimene sindinadzifunse n'choti katswiriyo ankaponya pa lane yopakidwa mafuta ochuluka bwanji, nanga ine ndimaponya pa yotani.

Amene simunaponyepo bowling mwina mukudabwa kuti mafuta akubweramo bwanji m'masewera ogwetsa mapini. Lane, kanjira kosalala kamene mpira umayendamo, ndi yotalika mafiti 60, pafupifupi mamita 18, kuchokera pa mzere woponyera kukafika pa pini yoyamba. M'lifupi mwake muli timatabwa 39, ndipo osewera amawerenga timatabwa timeneti pofuna kudziwa poima ndi polunjika. Pali makina amene amatsuka lane n'kupakapo mafuta, koma sapaka yonse. Kawirikawiri mafuta amathera cha pa mafiti 40, mafiti 20 otsalawo amakhala ouma. Mafutawo ndi ochepa zedi: a pa lane imodzi nthawi zambiri sadzaza masupuni awiri akuluakulu. Maso sawaona n'komwe. Koma timafuta timeneti ndi timene timalamula zonse zimene mpira uchite.

Mpira woponyedwa bwino umayenda magawo atatu. Poyamba umatsetsereka pa mafuta uku ukuzungulira cham'mbali, monga mmene dzanja laupotolera. Ukatuluka m'mafuta umaluma pouma n'kuyamba kukhota. Pomaliza umasiya kukhota, n'kumagudubuzika molunjika kumene waloza. Kwa ife oponya ndi dzanja lamanja, umayenera kukalowa pa mpata wa pakati pa pini 1 ndi pini 3, umene timati pocket, utangoyamba kumene kugudubuzika, mphamvu zikadalipo. Ukachedwa kuluma umafika ukadatsetserekabe. Ukafulumira kuluma umathera mphamvu zake panjira.

Wanga unkafulumira. Malane amene ndimaponyapo ndi a mafuta apakatikati m'mawa, koma ine ndimaponya madzulo, anthu ambiri atadutsapo kale. Gemu yoyamba zinkayenda bwinoko. Yachiwiri mpira unkayamba kukhota usanafike n'komwe pakati pa lane, n'kukamenya pini 1 pamphumi penipeni, kundisiyira mapini otalikirana uku ndi uku. Ndikasuntha mapazi kupita kumanzere kukafuna mafuta, unkalowa pa pocket inde, koma mofooka, ngati munthu wogogoda pakhomo mwamanyazi. Mapini 9 pansi, pini 10 ili chilili pakona kundiyang'ana. Pini 10 imeneyo ndinadana nayo chaka chimenecho kuposa china chilichonse.

Ndinkadziimba mlandu ndekha. Mwina dzanja likutembenuka msanga, mwina ndikuthamanga, mwina nsapato. Anandimasula ndi bambo wina wachikulire wa m'timu yathu, munthu wosalankhulalankhula, amene amaponya mpira wowala wooneka wamba koma akatha masewera atatu amakhala atatisiya tonse. Tsiku lina atandiona ndikupukusa mutu anandiitana.

"Mphwanga, tabwera nawo mpira wakowo."

Anauzunguza m'manja n'kundionetsa mizere ya mafuta imene inali pakhungu pake, yambirimbiri, yotalikirana ngati nthiti.

"Waiona iyi? Mpira uwu ukufuna mafuta, ndipo pano palibe. Ukufika kumapini utatopa kale."

"Ndiye nditani, bambo? Ndiponye mwamphamvu?"

"Uponye mwamphamvu mpaka liti? Phewa lako ndi limodzi lomweli. Peza mpira wofatsa."

Mawu akuti wofatsa anandiwawa. Ndinali nditakhulupirira kuti mpira wokhota kwambiri ndiye wa akatswiri, ndipo wofatsa ndi wa ongoyamba kumene. Ndinapita kunyumba ndili wosakhutira, koma mawu a akulu amakoma akagonera. Ndinayamba kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna kugawana nanu.

Choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti mtima wa mpira, umene otsatsa malonda amaujambula mokongola pa bokosi, suli patsogolo. Bungwe la USBC, limene limayang'anira malamulo a bowling ku America, linachita kafukufuku wa kayendedwe ka mipira amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008, ndipo linapeza kuti kukhakhala kwa khungu ndi kumene kumasintha kayendedwe ka mpira kuposa manambala a mtima. N'zomveka. Khungu ndi lokhalo limene limakhudza lane. Ngakhale mbiri ya masewerawa imayenda ndi khungu. Mipira yakale inali ya mtengo wolimba wa lignum vitae. Mu 1905 kunabwera ya labala, cha m'ma 1960 ya pulasitiki, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ya urethane, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunatulukira reactive resin, khungu lokhala ndi timabowo tosaoneka timene timamwa mafuta. Khungu latsopano lililonse linkaluma lane kuposa lam'mbuyo mwake, ndipo eni malane ankawonjezera mafuta pofuna kufanana nalo. Ndiye mpira wamphamvu wa masiku ano anaupangira dziwe la mafuta. Ukauika pouma uli ngati thirakitala pa msewu wa phula: imayenda, koma si kwake.

Makungu a reactive alipo a mitundu itatu, ndipo apa ndi pamene munthu wosankha mpira wa mafuta apakatikati kapena ochepa ayenera kukhalitsa. Pali solid, limene limaluma msanga ngakhale m'mafuta momwe ndipo limakhota mwapang'onopang'ono ngati uta. Pali pearl, limene amasakanizamo tinthu tonyezimira monga mica, ndipo limatsetsereka mtunda wautali lisanalume, koma likafika pouma limatembenuka mwachangu. Ndiye pali hybrid, losakaniza ziwirizi. Wanga uja unali solid, wokhulidwa mokhakhala, wa mtima waukali: zinthu zitatu zonse zofulumizitsa kuluma ndinaziunjika mu mpira umodzi.

Anthu ambiri amangoti mafuta akachepa tenga pearl, nkhani yatha. Kwinaku n'zoona, koma pali msampha. M'malo ambiri osewerera amapaka mafuta m'njira imene timati house shot: ochuluka pakati, ochepa kwambiri m'mphepete, kusiyana kwake kumatha kufika cha pa 10 kwa 1. Mapakidwe amenewa ndi achifundo, chifukwa ukaphonyera kunja kouma kumakubwezera mkati, ukaphonyera mkati mafuta amaugwira mpira kuti usakhote mopitirira. Koma malire a ponyowa ndi pouma amakhala akuthwa. Pearl yopukutidwa mpaka kunyezimira ngati galasi ikagunda pouma msanga imalumpha, ikakhala m'mafuta pang'ono chabe imapitirira osabwerako. Kuphonya kwa timatabwa tiwiri kumasanduka kusiyana kwa timatabwa 6 kumapini. Mnzanga wina ali ndi mpira wotere, ndipo masewera ake amakhala strike (mapini onse pansi kamodzi), split (otsala otalikirana), strike, split, mpaka iye mwini sadziwa kuti akondwe kapena alire. N'chifukwa chake ineyo, munthu akati akufuna mpira umodzi wokha wa mafuta apakatikati opendekera kochepa, ndimamulozera hybrid kapena pearl yofatsa, osati yakuthwa kwambiri. Si mwangozi kuti Hy-Road ya Storm, mpira wa hybrid umene unatuluka mu 2008, wakhala m'zikwama za osewera zaka zonsezi pamene mipira ina imabwera n'kuiwalika chaka chisanathe.

Tsono mtima. Pa bokosi la mpira uliwonse pamakhala manambala awiri amene ambirife timangowadumpha. Yoyamba ndi RG, imene imasonyeza ngati kulemera kwa mpira kwaunjikana pakati kapena kwamwazikira cha kukhungu. Malamulo a USBC amalola kuyambira 2.46 mpaka 2.80. Ganizirani munthu wozungulira pa chidendene: akafumbata manja pachifuwa amazungulira mofulumira, akawatambasula amachedwa. RG yotsika ndi manja ofumbata, mpira umayamba kugudubuzika msanga. RG yokwera ndi manja otambasula, mpira umasunga mphamvu n'kukazitulutsa kutsogolo. Nambala yachiwiri ndi differential, imene siloledwa kupitirira 0.060. Imeneyi ndi imene imabala nthiti zija anandionetsa bambo aja. Differential ikakhala yaikulu, mpira umapendekeka pang'ono pa kuzungulira kulikonse, ndiye nthawi zonse umagunda lane ndi khungu louma limene silinakhudze mafuta. Pa mafuta ochuluka zimenezi ndi dalitso. Pa mafuta ochepa ndi kuthira moto pa udzu wouma.

Ndiye pa lane zathu zopepukazi, ine ndimayang'ana mtima wa symmetric, wofatsirako kuposa asymmetric uja, RG ya cha m'ma 2.55 kupita m'mwamba, ndi differential ya pakati pa 0.025 ndi 0.045. Mafuta akamapendekera kochepa, nanenso ndimapendekera ku differential yotsika. Chonyazitsa pang'ono n'choti manambala oyandikira amenewa umawapeza m'mipira imene makampani amaiika m'gulu la ongoyamba kumene kapena lapakati, monga Hustle ya Roto Grip, Rhino ya Brunswick kapena Tropical Surge ya Storm. Mipira yomwe ija ndinkaidutsa mphuno ili m'mwamba.

Ndisananame, sindinathamangire kugula wina. Ndinayamba ndayesa kusintha khungu la wakalewo, ndipo aliyense ayenera kuyamba pamenepo. Pali timapadi tokhulira mpira, todziwika kwambiri ndi ta Abralon, tokhala ndi manambala monga 500, 1000, 2000, 3000 ndi 4000. Nambala yaing'ono imasiya khungu lokhakhala, loluma msanga. Yaikulu imalisalaza, ndipo ukawonjezera polishi mpira umatsetsereka kwambiri. Wanga ndinaukweza kufika pa 4000 n'kuupaka polishi. Unasinthadi, unayamba kudutsa mafiti oyambirira bwinobwino. Koma mtima waukali uja unali momwemo, ndiye mphamvu zonse zimene unkataya panjira tsopano unkazitulutsa kamodzi n'kamodzi pouma, n'kukhota ngati wakwiya. Ndinachoka pa vuto la pini 10 n'kulowa pa vuto lowoloka pini 1 kupita kumanzere kwake. Sandipepa imasuntha malo amene mpira ulumire, koma siingasandutse mkango kukhala mphaka. Komanso dziwani kuti pa mpikisano wotsatira malamulo a USBC simuloledwa kukhula mpira masewera atayamba, ndipo kuyambira mu Ogasiti 2019 choupukutira chololedwa pa nthawi ya masewera ndi thaulo louma basi. Zokhulakhula zimenezi muzithana nazo musanayambe.

Pali gulu lina limene likangomva kuti lane yauma limafuula kuti urethane. Ndinatsala pang'ono kuwamvera. Zoona zake n'zakuti urethane siimwa mafuta ngati reactive, ndipo siitembenuka mwadzidzidzi kumapeto. Imakhota mofatsa, mooneka, ndipo n'chifukwa chake osewera a PBA, bungwe la akatswiri a bowling ku America, amaikonda pa mapakidwe aafupi kumene mbali youma ndi yaitali. Koma mipira yambiri ya urethane imabwera yokhakhala ndipo imayamba kuluma msanga kwambiri. Ngati vuto lanu ndi loti mafiti oyambirira a lane apserera, urethane yokhakhala ikhoza kuluma pamapazi panu pomwepo n'kukafika kumapini yofooka kuposa reactive. Chinanso, poti siimwa mafuta, imawakankhira kutsogolo kumene kunayenera kukhala kouma, ndipo anzanu oponya reactive pa lane yomweyo amayamba kukuyang'anani ndi diso lofiira. Mafuta aafupi ndi mafuta ochepa si chinthu chimodzi. Aafupi amatha kukhala okhuthala ndithu, kungoti amathera pafupi. Urethane ndi yankho la mafuta aafupi, osati kawirikawiri la mafuta ochepa.

Pa za kutalika kwa mafutaku, pali kalamulo kosavuta kamene osewera amati lamulo la 31. Umatenga kutalika kwa mafuta m'mafiti n'kuchotsapo 31, ndipo yotsalayo imakuuza thabwa limene mpira uyenera kukhala uli potuluka m'mafuta. Mafuta a mafiti 40, thabwa 9. A mafiti 36, thabwa 5, kufupi ndi ngalande. Si lamulo la mwala, koma limathandiza kuona chifukwa chake mpira waukali umasowa malo pa mafuta aafupi: uli ndi mtunda wautali wouma woti ukhoteremo.

Chinthu chimene bokosi silingakuuzeni ndi dzanja lanu. Mawu akuti mafuta ochepa ali ndi tanthauzo losiyana kwa anthu awiri oponya pa lane imodzi. Ine ndimaponya pang'onopang'ono, cha pa makilomita 24 pa ola, ndipo ndimaupotola mpira ndithu. Mpira wanga umakhala nthawi yaitali pa lane, ndiye umapeza mpata wokwanira woluma. Kwa ine lane iliyonse imaoneka youma. Mnzanga wina amaponya ngati akuthamangitsa mbala koma saupotola kwenikweni, ndipo lane yomwe ine ndikuti yapserera iye amati ili ndi mafuta bwino. Iyeyo akatenga mpira wofatsa wangawu umangodutsa osakhota, n'kumusiyira pini 5 pakati. Kwa iye solid yapakatikati ndiye yoyenera. Kumbali inayi kuli oponya ndi manja awiri, njira imene anaitchukitsa Jason Belmonte wa ku Australia. Amenewa amazunguza mpira kwambiri moti pa mafuta ochepa amatsikira ku mipira yofooka kuposa imene ine ndingagwire. Ndiye mukamva wina akutamanda mpira, muyambe mwaona mmene amaponyera. Ngakhale lane yeniyeniyo imalowererapo: yamatabwa enieni kapena yakale yoperepeseka imaluma kuposa yatsopano ya synthetic, ngakhale mafuta atapakidwa ofanana.

Za kulemera sinditaya nthawi. Malire ndi mapaundi 16, makilogalamu 7 ndi pang'ono, ndipo akuluakulu ambiri amaponya 14 kapena 15. Ngati muli ndi mipira iwiri, ikhale yolemera mofanana kuti dzanja lisasokonezeke posintha. Chofunika kwambiri ndi woboola mabowo a zala. Munthu ameneyu akuoneni mukuponya asanagwire chiboolero, chifukwa malo amene waika mabowo poyerekeza ndi mtima amatha kuufatsitsa mpira kapena kuuwonjezera ukali. Kale mpira ukaboledwa molakwika ankaukonza poboola bowo lina lapambali, koma USBC inaletsa mabowo amenewo kuyambira pa 1 Ogasiti 2020. Tsopano bowo lililonse logwirira liyenera kukhala ndi chala chake.

Pali matenda ena amene amagwira munthu akangozindikira zonsezi: kufuna mpira wa nyengo iliyonse. Wa gemu yoyamba, wa yachiwiri, wa lane yakumanzere, wa tsiku lotentha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndaonapo anthu akukoka zikwama za mipira 6 n'kumathera masewera onse akusinthasintha, osadziwa kuti ndi uti ukuchita chiyani. Kwa munthu woponya kamodzi kapena kawiri pa sabata pa house shot, mpira umodzi wapakatikati ndi wina wa pulasitiki wogwetsera mapini otsala ndi zokwanira kwa nthawi yaitali. Wa pulasitikiwo musaupeputse. Pa lane youma, kulondola pini 10 ndi mpira wa reactive n'kudzizunza, chifukwa umakhota n'kuithawa pini ili pomwepo. Pulasitiki imangopita kumene mwaituma.

Ine pomaliza ndinatenga pearl ya mtima wa symmetric, RG 2.56, differential yosafika 0.040. Woboola atandiona ndikuponya kangapo anandiuza kuti polishi ya kufakitale tiichotse, tiukhule pang'ono ndi 3000 kuti usamalumphe ukagunda pouma. Tsiku loyamba kuuponya ndinakhumudwa. Unkaoneka waulesi. Sunkapita kumphepete n'kubwerera modzionetsera ngati wa pa kanema uja, unkangoyenda mwakachetechete kudutsa pa kamuvi kachiwiri mwa timivi tolunjikira tojambulidwa pa lane, n'kupinda pang'ono kumapeto. Palibe amene anatembenuka kudzaonera. Koma phokoso la kumapini linali lina, lolemera, ndipo mpira unkapitirira kulowa mkati mwa mapini m'malo mobwezedwa kumanja ukamenya pini 1.

Chimene ndinachikonda kwambiri ndinachiona mu gemu yachitatu. Kale pofika nthawi imeneyi ndinkakhala nditasuntha timatabwa 10 kapena kuposa, nditaima kumene sindinazolowere, ndikuponya mopingasa uku ndikupemphera. Tsiku limenelo ndinasuntha timatabwa titatu tokha usiku wonse. Mafuta ankathabe monga mwa masiku onse, pakuti mpira uliwonse wodutsa umamwako pang'ono, koma mpira wangawu sunkadya njira yake yomwe mofulumira ngati wakale uja.

Wakalewo sindinautaye. Umakhala pansi pa chikwama, ndipo miyezi ingapo yapitayo tinakaponya pa mpikisano wina pa mafuta aatali, okhuthala, ongopakidwa kumene. Wofatsa uja unkangotsetsereka mpaka kumapini osaluma n'komwe. Ndinatulutsa wakale, nditaubwezera kale pa 2000, ndipo kwa magemu awiri unachita ndendende zimene ndinaziona pa YouTube. Bambo aja anali pa lane yoyandikana nayo. Ataona strike yachitatu motsatizana anandiyang'ana, n'kuyang'ana mpirawo ukutuluka m'makina obweza mipira.

"Lero wadya, mphwanga," anatero, akupukuta wawo ndi thaulo. "Koma gemu yachinayi uubweze m'chikwama."

Ndinaubweza pa fulemu yachisanu, pakatikati pa gemu yachitatu, pini 10 itayamba kale kundiyang'ana.